Injini ikazima panyanja, yambani mwafunsa pulagi

Zikomo a mfumu, zikomo a komiti ya BVC yoyang'anira za usodzi pa doko lino, eni maboti, alovi nonse, ndi inu amayi amene mwasiya usipa pa thandala kuti mudzamve nawo. Anyamata kumbuyoko senderani kuno, injini iyi ndaimika mu diramu ya madzi kuti muziona ndi maso zimene ndikuloza.

Mwera wayandikira. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nyanja yathuyi mumaidziwa nokha mmene imakhalira. Injini ikakana kulira pa doko, mwangochedwa ulendo. Ikazima usiku pakati pa nyanja mafunde akumenya m'mbali mwa boti, imeneyo ndi nkhani ya moyo wa anthu. Ndiye chimene chimandiwawa ndi ichi: injini ikangozima, munthu amathamangira kumasula mumdima kabureta, chosakanizira petulo ndi mpweya, tizitsulo n'kugwera m'madzi, kapena kukacha n'kukagula CDI, kabokosi kotumiza moto ku pulagi ka ndalama zambiri, pamene vuto linali kasikuluwu kamodzi ka pa thanki. Musayambire kumasula. Yambani mwadziwa mbali imene kuli vuto.

Ma injini ambiri amene tili nawo kuno ndi a Yamaha Enduro, a 15, a 25 ndi a 40, osakaniza petulo ndi oyilo aja. Injini yotere ikazima mwadzidzidzi, nthawi zambiri chasowa ndi mafuta kapena moto. Chimene chingakuuzeni ndi pulagi, kachitsulo kamene kamathetheka moto woyatsa petulo mu injini. Kokani chingwe kangapo, kenako masulani pulagi muyiyang'ane ndi tochi. Ngati kumutu kwake kuli gwa, kouma, kosanunkha petulo, mafuta sakufika. Ngati yanyowa ndipo ikununkha petulo, mafuta akufika koma sakuyaka, ndiye kayikirani moto, kapena mwaimwetsa mafuta ambiri ndi choko, chotsekera mpweya poliza injini yozizira. Mukaona timadontho ta madzi pa pulagipo, dziwani kuti mu petulo wanu muli madzi.

Tiyambe ndi pulagi youma. Musapite ku injini, pitani ku thanki. Pa chivundikiro cha thanki pali kasikuluwu aka, ka mpweya. Kakakhala kotseka, injini imalira bwinobwino poyamba, mumachoka pa doko, kenako imayamba kufooka mpaka kuzima, chifukwa mafuta sangatuluke mu thanki ngati mpweya sukulowa. Ena mumakatseka ponyamula thanki kuti mafuta asatayike, ndi bwino kutero, koma mukafika m'boti katseguleni.

Kuchoka apo gwirani kampira kopopera aka ka pa paipi. Kali ndi muvi, muviwo uziloza ku injini. Kampira aka kamanena zambiri. Mukakapopa n'kulimba, mafuta afika mpaka mu kabureta. Kakamakana kulimba, pena pake paipi yang'ambika ikukoka mpweya, kapena polumikizira apa sipanagwire, kapena mafuta akusefukira mu kabureta, mudzawaona akudontha. Mukakapeza kataphwa, kofinyika kokha injini ikulira, njira yatsekeka ku mbali ya thanki. Ndipo ichi muchisunge, chingakufikitseni kumtunda: ngati injini ikufooka koma mukamapopa kampiraka ikudzuka, ndiye kuti pampu ya mafuta ya pa injini yatopa, kachikopa kake ka mkati kang'ambika, kapena paipi ikulowetsa mpweya. Mlovi mmodzi akhale pomwepo azipopa pang'onopang'ono mpaka mufike pa doko.

Tsopano nkhani ya madzi, apa ndichedwapo pang'ono. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Zimenezi zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kenako kunabwera ina ku Chikwawa. Ethanol ameneyu amakoka chinyezi. M'galimoto sizivuta kwenikweni, koma ife thanki yathu imagona m'boti, mafunde akuiwaza, mame akuigwera. Madzi akachuluka, amagwirana ndi ethanol uja n'kutsikira pansi pa thanki, ndipo paipi yokoka mafuta imayambira pansi pomwepo. Ndiye injini imayamba kumwa madziwo. Choopsanso n'chakuti zotsikira pansizo sizikhala ndi oyilo wokwanira, oyilo amatsalira mu petulo pamwamba. Injini ikamalira ndi zimenezo ikudzidya mkati.

Onani botolo ili. Ndathiramo petulo wa mu thanki imene yakhala nthawi osaigwiritsa ntchito. Liyendetseni aliyense aone. Mukuona mzere pansipo? Za pansi pa mzerewo ndiye madzi. Mafuta akasowa ku ma filling station, ambirife timagula a m'zigubu, palibe wobisa. Sindikuti wogulitsa aliyense ndi wachinyengo ayi, koma chigubucho simudziwa kuti munali chiyani dzulo. Thirani pang'ono m'botolo loyera, mudikire akhazikike, muone. Pothira mu thanki sefani ndi nsalu yoyera bwino yosathothoka ulusi. Mchenga wa pagombe pano ndi wosalala, kambewu kamodzi kokha kamatseka jeti, kabowo kodutsira mafuta mu kabureta.

Oyilo naye muyezeni. Ma injini ambiri awa amafuna 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena theka la lita pa malita 25. Injini yatsopano kapena yongokonzedwa kumene imafuna wochulukirapo masiku oyamba, 25 kwa 1. Tsimikizani ndi buku la injini yanu. Gulani oyilo wa ma injini a m'madzi, wolembedwa TC-W3. Oyilo wa galimoto amasiya mwaye pa pulagi, ndipo wongothira ndi maso uja mwina mumachulutsa, pulagi n'kuda bii, mwina mumachepetsa, pisitoni n'kugwira.

Bambo uko afunsa kuti nanga injini imene imalira pokhapokha choko chili chokoka? Funso labwino, bambo, khalani pansi ndiyankhe. Imeneyo ikusowa mafuta. Choko chimatseka mpweya kuti injini ikoke petulo mwamphamvu, ndiye ngati ikudalira choko, kawirikawiri jeti yaing'ono ya mu kabureta yatsekeka. Musanamasule, yambani mwatsuka sefa ya mafuta, kakapu aka, kenako masulani kasikuluwu ka pansi pa kabureta, mafuta atsikire pa kansalu mpaka atuluke oyera. Madzi ndi zinyalala zambiri zimachokera pomwepo. Zikakanika, kabureta mukamasulire kumtunda, masana, pa nsalu yoyala. Jeti muziiuzira ndi mpweya. Musaitokose ndi singano kapena mbedza, mumakulitsa bowo, injini n'kuyamba kumwa mafuta osaneneka.

Tibwere ku pulagi yonyowa. Ngati mwangoimwetsa, pukutani pulagi, bwezani choko, potozani pang'ono chogwirira chowonjezerera liwiro giya ili pa nyutulo, mukoke. Ikakana, yesani sipaki, kuthetheka kwa moto pa pulagi. Koma chonde, pukutani kaye petulo yense wotayika, thanki muitalikitse, wosuta fodya azime. Bwezerani pulagi m'chipewa chake, mbali yachitsulo igunde thupi la injini kutali ndi bowo la pulagi, mugwire pa labala, mnzanu akoke. Musakoke chingwe pulagi ikulendewera m'malere, mphamvu ikasowa kopita imatha kuwononga koyilo, yokuza mphamvu ya moto wopita ku pulagi, kapena CDI. Sipaki yabwino imathetheka yabuluu, mumaimva kuti tche. Yofiirira yofooka ndi yokayikitsa.

Ngati palibe sipaki pa mapulagi onse awiri, choyamba kuyang'ana ndi kachingwe kofiira aka kozimitsira. Kapulasitiki kake kakachoka pa switchi, injini singalire ngakhale mukoke mpaka kucha. Ndimaona ena munakataya kalekale, munamangapo waya kapena ulusi wa ukonde. Zimenezo ndikukana ndithu. Kachingwe aka kamamangidwa pa mkono wa woyendetsa kuti akagwera m'madzi injini izime yokha, boti lisamusiye kapena kumuzungulira ndi pulopela.

Switchi imeneyi imazimitsa injini potayira moto ku thupi la injini. Ndiye ikalowa madzi, ikachita dzimbiri, kapena waya wake akasupuka n'kugunda chitsulo, imazimitsa yokha inu musanaikhudze. Pa Yamaha zambiri ndi waya woyera uyu. Mutsomphole polumikizira pake, muyesenso. Sipaki ikabwera, vuto ndi switchi, CDI ilibe mlandu. Mukatero kumbukirani kuti batani lozimitsira silikugwira ntchito, mudzazimitsa ndi choko kapena pochotsa paipi ya mafuta, ndipo mukafika kumtunda mugule switchi ina.

Ngati sipaki ilipo pa pulagi imodzi yokha, injini imalira koma imanjenjemera, ilibe mphamvu. Sinthanitsani mapulagi awiriwo. Vuto likasamuka ndi pulagi, ndi pulagiyo, ikani yatsopano. Likatsala pomwepo, yang'anani chipewa, waya wake ndi koyilo. Pulagi gulani ya nambala yolembedwa m'buku. Pa mapulagi a NGK, nambala ikathera ndi 10, mpata wa kumutu kwake ndi milimita imodzi.

Moto wonsewu umachokera pansi pa flywheel iyi, gudumu lozungulira la pamwamba pa injini, pamene maginito amadutsa pa makoyilo, n'kupita ku CDI, n'kufika ku pulagi. Mawaya akuda omangidwa ku thupi la injini akamasuka kapena kuchita dzimbiri, moto umabwera modukizadukiza. Apaleni awale, muwamange zolimba. Palinso koyilo imene imagwira ntchito ikazizira, ikatentha n'kuduka. Injini imazima, mukadikira imaliranso, ndiye mukaitengera kwa makaniko itazizira sapeza kanthu. Muziyesa sipaki nthawi yomweyo yazimayo, kuti mukamuuze zoona zake. Mukamuuzenso ngati pulopela inagunda mwala, chifukwa kugunda kotero kumatha kudula kakiyi ka flywheel. Sipaki imakhalapo koma imabwera nthawi yolakwika, injini imangophulika kapena kukubwezerani chingwe. Zimenezo ndi za makaniko amene ali ndi chokokera flywheel ndi mita yoyezera, musazimenye ndi hamala.

Eni maboti, mawu awa ndi anu. M'boti lililonse mukhale kachitini kotseka bwino, muli mapulagi awiri atsopano, sipanala ya pulagi, sikuludiraiva, pulayala, chingwe china cholizira, tepi ndi tochi. Nkhafi ndi nangula wa chingwe chachitali zisatsale pa doko chifukwa choti muli ndi injini. Ikazima kuli mphepo, ponyani nangula kaye ngati pali pofikika pansi, boti liloze kumene mafunde akuchokera, kenako muyambe kufufuza.

Tsopano bwerani awiriawiri. Injini iyi ndaiikira mavuto atatu mwadala, ndikufuna muwapeze nokha. Poiliza muonetsetse kuti madzi mu diramumu aphimba polowera madzi, ndipo kamadzi kakutuluka kumbuyoku. Achimwene ovala chipewa, yambani ndinu, sipanala iyi.