Kodi kukula mu uzimu kumayezedwa ndi malamulo?

Abale ndi alongo, takulandirani. Lero tiona funso limene limagawanitsa akhristu mwakachetechete: kodi munthu wosunga malamulo ambiri a mpingo ndiye amene wakhwima mu uzimu?

Taganizirani Lamulungu m'mawa. Mtsikana walowa m'tchalitchi mochedwa atavala thalauzi, chifukwa akuchokera ku ntchito ya usiku. Asanakhazikike n'komwe, amayi ena ayamba kukodolana, ndipo mmodzi wamuponyera chitenje pamiyendo osamupatsa moni. Mtsikanayo wazyolika mpaka mapemphero kutha, ndipo sabata yotsatira sanabwerenso. Zotere zimandipweteka mtima, chifukwa amayiwo amakhulupiriradi kuti akuteteza nyumba ya Mulungu.

Nkhani ya thalauzi ili ndi mbiri yake kuno ku Malawi. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linathetsedwa mu 1993. Ambiri tinakula tikuliona ngati gawo la chiyero, pamene linali lamulo la dziko.

Mpingo wa ku Roma unali ndi mkangano wofanana ndi umenewu. Paulo anaulembera kalata ali ku Korinto cha m'ma 57 AD, ndipo pa Aroma 14 timamva kuti ena ankangodya zamasamba n'kumalemekeza masiku ena kuposa anzake, pamene ena ankadya chilichonse. Chodabwitsa n'chakuti amene anali ndi malamulo okhwima ndi amene Paulo anawatcha ofooka m'chikhulupiriro. Komabe sanalole kuti omasukawo awanyoze. Anadzudzula mbali zonse ziwiri, wakudya kuti asapeputse wosadya, wosadyayo asaweruze wakudya, popeza aliyense ndi wantchito wa Ambuye ndipo adzayankha yekha pamaso pake.

Yesu anafika pa muzu wa vutoli pa Luka 18, m'fanizo la Mfarisi ndi wokhometsa msonkho amene anapita kukapemphera m'Kachisi. Chilamulo cha Mose chinkafuna kusala kudya tsiku limodzi pachaka, pa Tsiku la Chitetezo, koma Mfarisi wa m'fanizoli ankasala kawiri pasabata, n'kumaperekanso chakhumi cha zonse zimene ankapeza. Sananame, ntchitozo ankazichitadi. Cholakwa chake chinali chakuti anazisandutsa muyezo woyezera wokhometsa msonkho amene anaima patali akudziguguda pachifuwa. Amene anabwerera kwawo atayesedwa wolungama anali wokhometsa msonkhoyo.

Sindikunena kuti mwambo ndi woipa, ayi. Mlimi amazika timitengo pambali pa tomato kuti asagwere pansi, ndipo mkhristu watsopano amathandizidwa ndi dongosolo la mapemphero, kudziletsa ndi malangizo a akuluampingo. Koma palibe amene amapita kumsika kukagulitsa timitengoto. Zipatso zimene Paulo akutchula pa Agalatiya 5 zilipo zisanu ndi zinayi, kuyambira chikondi, chimwemwe ndi mtendere mpaka kufatsa ndi kudziletsa, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chimaonekera pa kutalika kwa siketi kapena pa duku.

Kudzudzulana kuli ndi malo ake, ndipo Mateyu 18 amati kuyambe pa awiri, kuseri. Mayi uja akanasendera pang'ono pabenchi, n'kumufunsa mtsikanayo kuti wadzuka bwanji, n'kutsegula buku la nyimbo kuti aimbire limodzi. Za chitenje akanakambirana mapemphero atatha, atadziwa kale dzina lake ndi kumene akuchokera.