Makalata anu: afiti a pafoni ya mwana

Tiyambe ndi kalata yochokera ku Ndirande. Mayi awa akuti: "Mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 sakugona, amangoyang'ana pafoni zithunzi za atsikana awiri afiti akulimbana ndi zinjoka. Mutu wake ndi Burn the Witch. Chandiopsa n'chakuti amawerenga chobwerera, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Kodi sakumuphunzitsa ufiti?"

Mayi, mtima m'malo. Zimenezo amazitcha manga, nthano zojambula za ku Japan, ndipo kwawoko zimawerengedwa choncho basi, ngakhale nthano itakhala ya mpira. Imeneyi anajambula ndi Tite Kubo, yemwenso anajambula manga ina yotchedwa Bleach. Inatuluka koyamba mu 2018 m'magazini ya Weekly Shonen Jump, katuni yake n'kubwera mu 2020. Atsikanawo, Noel ndi Ninny, ndi apantchito chabe ku bungwe lotchedwa Wing Bind, ku mbali yobisika ya mzinda wa London. Anthu wamba saziona zinjokazo, ndiye awiriwa ntchito yawo n'kuziyang'anira kuti zisavulaze anthu. Amalandira malipiro, amakangana, wina mtima uli pa kukwezedwa udindo. Munamvapo za mfiti yodandaula za pulomoshoni?

Choti mudandaule nacho, mayi, ndi tuloto. Foni izigona kuchipinda kwanu ikakwana 9 koloko. Mawa lake mum'pemphe akufotokozereni nkhaniyo, muone mmene atakambire.

Koma ndinenepo pang'ono, chifukwa makalata okayikira ufiti akuchuluka pa pologalamu ino. Lero tikukayikira katuni, mawa agogo a kuseri kwa nyumba chifukwa maso awo ndi ofiira, pomwe akhala akuphika pa utsi moyo wawo wonse. Okalamba akugendedwa m'midzimu, nyumba zawo kuotchedwa, nthawi zina ndi adzukulu awo omwe. Lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, abale: kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Achimwene a ku Mzuzu, mukufunsa ngati munthu wa ndevu angawerenge manga. Ku Japan amawerenga m'sitima popita kuntchito, musadzibise.

Mnyamata wa ku Zomba watumiza chinjoka chake chojambula ndi bolopeni pa pepala la m'kope la masamu. Dzanja lilipo, mphwanga, mapikowo wawakhoza. Koma iwe wokhala m'munsi mwa phiri ukukopera zinjoka za ku London? Kafunse agogo za Napolo wa mu 1946, utijambulire ameneyo. Kope la masamulo ulisiye.