Anali anyamata asanu, dzina linapita ndi mmodzi: nkhani ya Alice Cooper

Moni nonse, a ku Mbare, a ku Mufakose, a ku Tafara ndi Mabvuku, ndi inu amene mukutionera muli ku Lilongwe kapena ku Joni, takulandirani. Lero ndili ndi chinthu mmanjamu, taonani kaye.

[Kamera iyandikire pa chimbale]

Ichi ndi chimbale cha malemu amalume anga, chakhala mu sutikesi pansi pa bedi ku Mufakose zaka zambirimbiri. Chikuto chake anachipanga ngati kachikwama ka ndalama ka chikopa cha njoka chobiriwira, ndiye ukatsegula mkatimu umapeza chipepala cha ndalama ya biliyoni imodzi, yongosindikiza. Ife amene tinadutsa 2008 mu Harare muno pepala la biliyoni tinaligwirapo lenileni, koma awa lawo anatulutsa mu 1973. Dzina la chimbalechi ndi Billion Dollar Babies, oyimba ake Alice Cooper. Ndili mwana ndinkaloza munthu wopaka zakuda mmasoyo nkumati uyu ndiye Alice Cooper, amalume nkumandibweza kuti "iyayi mphwanga, werenga mitu pachithunzipo, Alice Cooper ndi onse asanuwo". Lero ndikufuna tiwerenge mituyo.

Nkhani ikuyambira ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, mu 1964. Anyamata a pa sukulu ya Cortez High, ena mwa iwo othamanga mpikisano wa mtunda wautali, anavala mawigi nkukwera pa siteji ya sukulu kutsanzira ma Beatles, anadzitcha Earwigs, ndipo ambiri mwa iwo chida choimbira anali asanachidziwe nkomwe. Anazikonda, nkuyamba kuphunzira zenizeni. Dzina linasintha kukhala Spiders, kenako Nazz, anasamukira ku Los Angeles, kumeneko nkumva kuti kuli kale bandi ina ya Todd Rundgren yotchedwanso Nazz. Ndiye mu 1968 anasankha dzina la mzimayi, lomveka ngati la mayi wofatsa wa pa neba, Alice Cooper, dala, kuti anthu akabwera adzadzidzimuke ndi zimene aone.

Asanuwo ndi awa, ndipo ndiwatchula bwinobwino chifukwa kawirikawiri satchulidwa. Woyimba anali Vincent Furnier, wobadwira ku Detroit mu 1948, mwana wa mlaliki. Glen Buxton pa gitala yotsogolera. Michael Bruce pa gitala yachiwiri ndi kiyibodi, ndipo nyimbo zambiri zimene zinawatchukitsa dzanja lake lilimo. Dennis Dunaway pa besi. Neal Smith pa ng'oma. Panalinso mlongo wake wa Neal, Cindy, amene ankawasokera zovala zonyezimira zija, pambuyo pake anakwatiwa ndi Dennis. Mwaona eti, chinali chinthu cha pachibale, anthu ogona nyumba imodzi, kudya mbale imodzi, nthawi zina kugona ndi njala limodzi.

Ku Los Angeles anthu sanawafune. Inali nthawi ya mahipi, nyimbo za chikondi ndi mtendere, awa nkubwera ndi phokoso ndi zovala zachizimayi, anthu ankatuluka mu holo. Koma Shep Gordon, amene anadzakhala manijala wawo, anaona kuti bandi yotha kuthamangitsa anthu choncho ili ndi mphamvu inayake. Woyimba wotchuka Frank Zappa anawalemba ku kampani yake ya Straight Records, zimbale ziwiri zinatuluka, mu 1969 ndi 1970, zonse sizinagulidwe.

Chimene chinawatchukitsa koyamba si nyimbo ayi, ndi nkhuku. Mu September 1969 pa shoo yaikulu ku Toronto nkhuku inapezeka pa siteji, ndiye Vincent amafotokoza kuti iye pokhala mwana wa mtauni ankaganiza kuti chilichonse cha mapiko chimauluka, anaiponya mmwamba, inagwera mu chikhamu cha anthu ndipo anthuwo anaikhadzula. Manyuzipepala analemba kuti woyimba waluma mutu wa nkhuku nkumwa magazi. Sizinali zoona koma mbiri inali itapita kale, ndipo taonani apa, mbiriyo inamatirira pa munthu mmodzi, wa kutsogolo uja.

Atalephera ku Los Angeles anasamukira kufupi ndi Detroit, mzinda wa mafakitale a magalimoto, kumene anthu ake ankakonda nyimbo zaukali. Uko ndi kumene anakumana ndi Bob Ezrin, mnyamata wa ku Canada wojambula nyimbo, wamng'ono kuposa iwo amene, ndipo iyeyu anawakhazika pansi miyezi akudula nyimbo zawo zazitali zosokonekera zija mpaka zinakhala zazifupi zolasa. Nyimbo ya I'm Eighteen inafika pa nambala 21 ku America mu 1971. Kuchoka apo zinthu zinathamanga koopsa. Mu 1972 School's Out inakhala nambala 1 ku Britain, mayi wina wotchuka polimbana ndi zolaula pa TV, Mary Whitehouse, anadandaula ku BBC, kenako phungu wina Leo Abse anapempha boma kuti liwaletse kulowa m'dzikomo, ndipo zonsezi zinangowonjezera anthu ogula matikiti.

Tsopano tiyeni tikhale pang'ono pa shoo yeniyeniyo chifukwa apa mpamene pali mtima wa nkhani.

[Zithunzi za pa siteji, 1971 mpaka 1973]

Shoo yawo inali sewero lokhala ndi chiyambi ndi mapeto. Vincent, amene pa siteji ankatchedwa Alice, amatuluka ngati munthu woipa, chinjoka chamoyo chitamuzinga mkhosi, amachita zoipa zake pamaso pa anthu, kuduladula zidole, kuopseza, ndiye kumapeto amalandira chilango. Poyamba ankamupha pa mpando wamagetsi. Kenako anabweretsa mtengo wopachikira anthu, anzake omwe aja akumukokera ku chingwe ng'oma ikulira pang'onopang'ono ngati pa maliro. Mu 1973 anabweretsa chimakina chodulira mutu, ndipo amene ankachiyendetsa anali katswiri wa matsenga a pa siteji James Randi, chimpeni chimagwa, mutu umagwera mu dengu, nkuunyamula kuonetsa anthu. Magetsi amazima. Pakapita kanthawi Alice amatulukanso wamoyo atavala zoyera, nyimbo nkuyambiranso.

Ine ndikaona zimenezi maganizo anga amapita ku bwalo, tsiku limene gule watuluka kuno kwathu ku malokeshoni. Sindikuti nzofanana ayi, Gule Wamkulu ndi mwambo wa makolo athu ndipo uli ndi ulemu wake, izi zinali shoo ya matikiti. Koma pali chinthu chimodzi chimene aliyense amene anaimapo pa bwalo akuchidziwa, maso onse amakhala pa chilombo, ana amathawa chilombo, mawa lake anthu amakamba za chilombo, pomwe amene akugwedeza nthaka ndi anthu a ng'oma ndi amayi oyimba akuwomba mmanja. Ng'oma zitangoti zii, fumbi lonse lija limakhala pansi. Koma ndani amapita kunyumba akukamba za dzanja la woyimba ng'oma?

Ndi zimene zinawachitikira anayi aja. Maganizo a seweroli ambiri ankapangira limodzi, Dennis makamaka anali munthu wa zojambulajambula kuyambira ku sukulu, koma wodulidwa mutu usiku ulionse anali mmodzi, atolankhani ankafuna mmodzi, pa chikuto cha magazini ankafuna nkhope imodzi, ndipo anthu mumsewu akamuona Vincent ankati Alice. Dzina la gulu linasanduka dzina la munthu iwo akuona.

Chimbale ndagwirachi chinafika pa nambala 1 ku America ndi ku Britain komwe, ulendo wa ma shoo wa chaka chimenecho unaphwanya mbiri ya ndalama za pakhomo imene inali ndi ma Rolling Stones. Koma akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Anali atatopa zedi, mzinda uno lero mawa wina, mowa tsiku ndi tsiku, Vincent mwini wake ankamwa kwambiri, ndipo Glen Buxton thupi linali litayamba kukana moti ankachita kubweretsa woyimba gitala wina, Mick Mashbir, kuti azithandizira. Chimbale chotsatira, Muscle of Love, chakumapeto kwa 1973, anachijambula popanda Bob Ezrin ndipo sichinafike pamene chinzake chinafika. Shoo yawo yomaliza inali ku Rio de Janeiro, ku Brazil, mu April 1974.

Za mmene anasiyanirana, mbali ziwirizi zimafotokoza mosiyana. Alice amati iye ankafuna sewero likule, anzake ankafuna lichepe kuti anthu amve nyimbo. Anzakewo amati anangogwirizana zopuma kaye kuti aliyense apange chimbale chake, kenako adzabwererane. Chimene chinachitika nchoti Vincent Furnier anasintha dzina lake mwalamulo kukhala Alice Cooper, mu 1975 anatulutsa Welcome to My Nightmare ndi oyimba ena, Bob Ezrin ali pambali pake, chinayenda bwino kwambiri, ndipo ambiri ogula sanazindikire nkomwe kuti anthu anayi asowapo. Apa ine pamandiwawa, kunena zoona. Sindikumuda munthuyo, ntchito anaigwira ndipo mowa anadzausiya, koma tangoganizani kumanga nyumba zaka khumi ndi anzako kuyambira muli ana asukulu, tsiku lina nkupeza kuti dzina la pa geti lalowa pa chitupa cha mmodzi.

Michael, Dennis ndi Neal anayesa, anapanga bandi yotchedwa Billion Dollar Babies, chimbale chimodzi mu 1977, sichinapite patali. Ife kuno nkhani zotere si zachilendo, tinaona mmene ma Bhundu Boys anakwerera mpaka kukaimba pa Wembley mu 1987 kenako nkusiyana ndi Biggie Tembo, kungoti kwa iwo dzina linatsala ndi gulu, wa kutsogolo ndi amene anachoka.

Glen Buxton anamwalira mu October 1997 ku Iowa ali ndi zaka 49. Mu 2011 a Rock and Roll Hall of Fame, bungwe la ku America lolemekeza akatswiri a nyimbo za rock, analemekeza Alice Cooper ngati bandi, maina onse asanu anatchulidwa, anayi amoyowo anaimba limodzi usiku umenewo. Ndipo mu July 2025, patapita zaka zoposa 50 chitulukire Muscle of Love, nkhalamba zinayi zija zinatulutsa chimbale chatsopano limodzi, wojambula wake Bob Ezrin yemwe uja, ndipo mu nyimbo imodzi anaikamo gitala ya Glen yochokera pa tepi yakale. Amalume sanakhale ndi moyo kuti achimve.

[Kamera ibwerere pa chithunzi cha mkati mwa chimbale, chala chikuloza mmodzimmodzi]

Uyu ndi Neal. Uyu Dennis. Uyu Michael. Uyu Vincent. Uyu apa ndi Glen.