Mwala wa Laimu Umene Umafinyika Pansi pa Nthaka

Amayi ndi abambo, zikomo kwambiri pobwera, ndipo ndikupempha kuti mwala uwu ndi choko ichi ziyende m'manja mwanu pamene ine ndikulankhula. Zonse ziwirizi ndi za m'gulu la miyala ya laimu, imene yambiri inapangika kuchokera ku zigoba za tizamoyo ta m'nyanja zimene zinaunjikana pansi pa madzi kwa zaka mamiliyoni. Ambiri timaganiza kuti mafuta a pansi pa nthaka amakhala m'dziwe lalikulu, koma si choncho ayi. Amakhala m'timibowo ta miyala yotereyi, monga momwe madzi amakhalira m'siponji. Ku Ghawar m'dziko la Saudi Arabia, kumene mafuta anapezeka mu 1948, amawapopa m'miyala ya mtundu womwewu.

Mwala umene mwaugwirawo ukuoneka wosagonja, koma ukapanikizidwa umafinyika pang'ono kwambiri, moti maso sangaone, ndipo ukamasulidwa umabwerera mwakale ngati sipuling'i. Robert Hooke anafalitsa lamulo lake mu 1678, lakuti chinthu chotere chimafinyika kapena kutamuka molingana ndi mphamvu imene yachipanikiza kapena kuchikoka. Akatswiri amasema kachidutswa ka mwala wotuluka m'chitsime cha mafuta, n'kukaika m'makina opanikiza, ndipo amayeza zinthu ziwiri: mmene kafupikira, zomwe zimapereka nambala yotchedwa Young's modulus, ndi mmene katupira m'mbali, zomwe zimapereka Poisson's ratio.

Apa ndi pamene mwala wa laimu umasokoneza anthu, ndipo ndikufuna tikhalitsepo. Tiyerekeze kuti tili ndi miyala iwiri, ndipo mpata wa timibowo take ndi wofanana. Mu woyamba timibowoto ndi tobulungira, totsala pamene chigoba chinasungunuka. Mu wachiwiri ndi timing'alu topyapyala ngati tsitsi. Woyambayo ndi wolimba, chifukwa kulemera kumazungulira bowo monga kumachitira pa khomo lokhota pamwamba, koma wachiwiriyo timing'alu take timatsekeka msanga akangoupanikiza. Laimu amasungunuka mosavuta m'madzi okhala ndi asidi pang'ono, n'kukaundananso pena, choncho m'chitsime chimodzi chomwecho mwala ukhoza kusintha khalidwe pa mamita owerengeka chabe. Kwa ine, kuwerenga kuchuluka kwa timibowo popanda kuona kapangidwe kake ndi kudzinamiza.

Mwina mukufunsa kuti amadziwa bwanji zonsezi pa mwala umene uli makilomita atatu pansi. Amagwiritsa ntchito phokoso. Mu mpweya phokoso limathamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi, m'madzi pafupifupi 1,500, koma mu laimu wothinana bwino limapitirira 6,000. Mwala ukakhala wofewa kapena wa ming'alu yambiri, phokoso limachedwa, ndipo gasi akalowa m'malo mwa madzi m'timibowo limachedweranso. Mu 1951 Fritz Gassmann analemba masamu osonyeza mmene zamadzimadzi za m'timibowo zimasinthira kulimba kwa mwala, ndipo akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Tsopano tengani chokocho muchikanikize ndi chala. Mwaona kuti chafumbutuka ndipo sichinabwerere. Kubwerera mwakale kuja kuli ndi malire. Pansi pa nthaka, mafuta opanikizika m'timibowo amathandiza mwala kusenza katundu yense wa pamwamba pake, ndiye akamapopedwa katunduyo amatsalira mwala wokha. Zimenezi zinaoneka poyera ku Ekofisk, m'chigawo cha Norway cha nyanja ya North Sea, kumene mafuta anapezeka mu 1969 m'mwala wa choko wa timibowo tochuluka, ndipo kupopa kunayamba mu 1971. Pofika mu 1984 anthu anazindikira kuti pansi pa nyanja patsika, ndipo nsanja zawo zachitsulo zoima m'nyanja, zimene amapoperapo mafuta, zayandikira mafunde. Mu 1987 anadula miyendo ya nsanjazo, nazikweza ndi majeki mamita 6, n'kulumikiza zitsulo zina pamene anadulapo. M'chaka chomwecho anayamba kuthira madzi a m'nyanja m'mwalawo kuti akankhe mafuta ndi kubwezeretsa mphamvu ya m'timibowo, koma pambuyo pake kunadziwika kuti madziwo amafewetsanso choko, ndipo pansi pa nyanja panapitirira kutsika kwa zaka zambiri.