Uthenga wa mawu kwa aphunzitsi a kalasi ya Ulimbitso

Moni nonse aphunzitsi anzanga, ndaona kuti ndikati ndilembe zonsezi zala zitopa ndiye ndangojambula mawu, mumvetsere mpaka kumapeto chonde, bandulo yake siyambiri.

Loweruka likubwerali tikuphunzitsa za oyera, poti pa 1 November ndi tsiku la Oyera Onse komanso anawa akuyenera kusankha mayina awo a Ulimbitso. Musafikire kulemba pa bolodi ayi. Yambani ndi funso, woyera ndi ndani, nanga wochimwa ndi ndani, muwasiye ayankhe okha. Ndikukuuziranitu, anena kuti woyera ndi amene sanachimwepo chibadwire, ndipo pa wochimwa akutchulirani chidakwa cha pamsika kapena mtsikana amene anatenga mimba ali pasukulu, ena mpaka dzina afuna kutchula. Pamenepo muwadule msanga, mayina a anthu m'kalasi toto. Mutsegule Aroma 3:23 mwana mmodzi awerenge mokweza, amve okha kuti onse anachimwa, onse, ndi inu amene mwagwira chokonu muli momwemo.

Mukatero muwafotokozere za Augustine, ndipo mbiri yake musaikongoletse. Munthuyu anabadwa mu 354 m'dziko limene lero ndi Algeria, anakhala ndi mkazi osamanga naye ukwati kwa zaka zambirimbiri mpaka kubereka naye mwana wamwamuna Adeodatus, mayi ake Monica ali pa mawondo kulira ndi kumupempherera. Anadzabatizidwa mu 387 ku Milan ndi bishopu Ambrose ali ndi zaka 32, kenako ndi uyo bishopu wa ku Hippo, lero tikuti Augustine Woyera. Ndiye muwafunse anawo kuti akanakhala neba wawo nthawi imene ija akanamuyika gulu liti, muona kalasi yonse ziii.

Za tchimo lalikulu mudekhe nazo, apa ndi pamene timasokoneza ana. Pamafunika zinthu zitatu zikumane, chinthucho chikhale chachikuludi, munthuyo akudziwa bwinobwino kuti ndi choipa, ndipo wachichita mwa kufuna kwake osakakamizidwa. Chimodzi chikasowa si tchimo lalikulu. Izi muzinene pang'onopang'ono chifukwa simudziwa amene wakhala kumbuyo uko wanyamula chani mumtima, mwana amene anagwiriridwa sanachimwe, wochimwa ndi amene anamuchita chipongweyo, munene choncho momveka osazungulira. Ine zimandiwawa kuona mwana wasiya kulandira Ukaristia chifukwa cha mlandu woti si wake. Ndipo ngakhale tchimo lalikulu lenilenilo lili ndi pothera, ndi chifukwa chake kuli Sakramenti la Kulapa.

Wina afunsa ndithu kuti nanga Papa amasankha bwanji oyera. Muyankhe mwachidule, Papa sapanga munthu kukhala woyera, amangolengeza zimene Mpingo wafufuza. Nthawi zambiri pamadutsa zaka 5 munthu atamwalira, dayosizi iyambe kufunsa mboni ndi kuwerenga zimene analemba, apo amatchedwa Mtumiki wa Mulungu, nkhani ipite ku Rome, akaona kuti moyo wake unalidi wa chitsanzo pakufunika chozizwitsa chimodzi kuti akhale Wodala, china kuti akhale Woyera. Wofera chikhulupiriro yekha ndi amene amakhala Wodala popanda chozizwitsa choyambacho. Basi, musatayepo nthawi yambiri, oyera ochuluka alibe chithunzi pakhoma la tchalitchi ndipo tsiku la pa 1 November lija ndi lawonso.

Pa mayina muwapatse ena apafupi. Kizito anali kamnyamata ka zaka ngati 14 pamene anawotchedwa chifukwa cha chikhulupiriro ku Namugongo m'dziko la Uganda pa 3 June 1886 pamodzi ndi Charles Lwanga ndi anzawo, nthawi ya mfumu Mwanga, ndipo Papa Paul VI analengeza ofera chikhulupiriro 22 a ku Uganda, kuphatikizapo iwowa, kukhala oyera mu 1964. Atsikana muwauze za Josephine Bakhita wa ku Sudan, amene anagwidwa ukapolo ali mwana, anadzakhala sisitere ku Italy. Koma amene ine ndikufuna mukhalepo kwambiri ndi Benedict Daswa wa ku South Africa, hedimasitala, bambo wa ana 8. M'mudzi mwawo ziphaliwali zitaotcha nyumba anthu anagwirizana zosonkha ndalama kuti sing'anga awapezere mfiti, iye anakana kusonkha, anati mphenzi ndi chilengedwe ndipo zimenezi ziphetsa munthu wosalakwa. Anamudikirira panjira pa 2 February 1990 n'kumupha. Ndi Wodala kuyambira 2015. Nkhani imeneyi anawa aimva msanga chifukwa agogo onamiziridwa ufiti amawaona m'midzi mwathu momwemu. Okonda mafoni aja muwapatse Carlo Acutis, anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, mnyamata wa kompyuta.

Chinanso, ena mwa anawa bambo kapena mayi awo ndi a CCAP kaya a mipingo ina, ndiye akauzidwa kunyumba kuti oyera ndi okhulupirira onse. Musakangane nazo, Paulo amene analembera Akorinto kuwatchula oyera pomwe anali anthu okangana okhaokha. Mungowonjezera kuti ife oyera sitiwapembedza, timawapempha kuti atipempherere.

Homuweki yake, aliyense abwere ndi dzina limodzi ndipo pa pepala alembe chimene woyerayo analimbana nacho pa moyo wake ndi chimene anachita nacho. Wongosankha dzina poti likumveka bwino abwerere akafufuzenso. Mapepalawo mundipatse Lamulungu ikangotha Misa yoyamba ndikapereke kwa abambo mfumu, ndipo amene muli ndi kiyi wa holo chonde mufike 1 koloko isanakwane.