Kamera ikaima pa msinkhu wa mwana: mmene amajambulira mafilimu a achinyamata ndi umbanda wa m'tauni

[Pa sikirini: mpeni ukunoledwa, nkhuku yomangidwa mwendo ikuyang'ana zinzake zikusosoledwa]

Taonani nkhuku iyi. Umu ndi mmene filimu ya ku Brazil ya City of God, yomwe inatuluka mu 2002, imayambira. Mpeni ukunoledwa, nyimbo ikulira, nkhuku zina zaphedwa kale, ndipo imodzi yapulumuka pachingwe n'kuliyatsa liwiro. Gulu la anyamata a mfuti likuithamangitsa m'tinjira topanikizana ta mu Rio de Janeiro, kamera ili pansi penipeni, pa msinkhu wa nkhukuyo. Kenako mnyamata wina, Buscapé, wapezeka pakati pa msewu, kutsogolo kuli achifwamba, kumbuyo kuli apolisi. Kamera imuzungulira, ndipo pomwe ikumaliza kuzungulirako tabwerera m'zaka za m'ma 1960, iye ali kamwana pabwalo la mpira.

Palibe amene wakuuzani kuti iyi ndi filimu yanji, koma mwadziwa kale kuti ndi nkhani ya mwana amene akukula pamalo pomwe kuthawa n'kovuta monga kukhala. Amene wakuuzani ndi kamera, kadulidwe ka zithunzi ndi phokoso.

Mafilimu a mtundu uwu amanyamula nkhani ziwiri m'thumba limodzi. Ina ndi ya kukula: chibwenzi choyamba, anzake apamtima, bambo amene alipo kapena kulibe. Ina ndi ya umbanda: mfuti, mankhwala ozunguza bongo, apolisi. Nkhani ziwirizi zimalimbana, ndipo imene ipambane m'maso mwa woonera siyisankhidwa ndi zolemba papepala ayi. Imasankhidwa ndi malo amene mwaimika kamera.

Tiyambe ndi msinkhu. Munthu wamkulu akaika kamera paphewa, lenzi imakhala pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Mwana wa zaka 8 kapena 9 maso ake amakhala cha pa mita imodzi ndi masentimita 20 kapena kutsika apo. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma mukajambula mwana muli pa msinkhu wanu mumamuyang'ana pamutu monga mphunzitsi kapena wapolisi, ndipo woonera amayamba kumuweruza. Gwadani, kapena tsitsani tripod, miyendo itatu yoimikapo kamera, mpaka lenzi ifanane ndi maso ake. Pamenepo akuluakulu amasanduka zimphona, mfuti ili m'chiuno mwa munthu imafika pankhope ya woonera, mipanda imatalika. Mantha a mwanayo simufunikanso kuwafotokoza ndi mawu.

[Pa sikirini: anyamata atatu akuyenda pakati pa nyumba zosanja, chithunzi chakuda ndi choyera]

Nkhani ya lenzi tiyione mu La Haine, filimu ya ku France ya mu 1995 yomwe anatsogolera Mathieu Kassovitz. Anyamata atatu, Vinz, Hubert ndi Saïd, amakhala m'nyumba zosanja za kunja kwa Paris. Theka loyamba, ali kwawo, anawajambula kwambiri ndi malenzi aafupi, omwe amaona malo otambalala ndipo chilichonse chimaoneka bwino kuyambira pafupi mpaka kutali. Mnyamata ndi dera lake ali m'chithunzi chimodzi, sangasiyanitsidwe. Akakwera sitima n'kulowa pakati pa Paris, malenzi amasintha n'kukhala aatali: nkhope zikuoneka bwino koma mzinda kumbuyo kwawo ndi chimbuuzi. Afika m'tauni, koma tauniyo si yawo.

Mukhoza kuyesa nokha. Pa kamera ya full frame, yomwe sensa yake ndi yaikulu, tengani lenzi ya 24mm, imani mita imodzi kuchokera kwa wosewera, tsekani aperture, bowo lolowetsa kuwala mu lenzi, mpaka f/8. Kenako tengani ya 85mm, bwererani mamita atatu ndi theka kuti nkhope ikhale kukula komweko, tsegulani mpaka f/2. Munthu ndi yemweyo, koma m'chithunzi choyamba ali ndi kwawo, m'chachiwiri ali yekha. Chenjezo limodzi: musayandikitse lenzi ya 24mm kupitirira theka la mita kunkhope, chifukwa mphuno imakula, makutu amathawira kumbuyo, ndipo nkhope yomwe mumafuna kuti imvetse chisoni imasanduka yoseketsa.

Pamalo pomwe mbali ziwiri za La Haine zimakumana pali chithunzi chotchuka cha dolly zoom. Anyamata aima pakhonde, msewu wa Paris uli kumbuyo, kamera ikubwerera m'mbuyo pamene lenzi ikukoka kutsogolo. Iwo sakusintha kukula, koma mzinda ukuoneka ngati ukuwadzera pamsana. Pamafunika anthu atatu: wokankha kamera panjanji, wopotokola zoom, ndi wosunga focus. Mmodzi akafulumira pang'ono nkhope zimakula ndi kuchepa, ndipo zonse zawonongeka. Ikani zizindikiro pansi ndi tepi, werengerani limodzi mokweza, bwerezani kangapo musanajambule. Ndipo muzichite kamodzi kokha m'filimu yonse, chifukwa kachiwiri woonera amayamba kuona luso lanu m'malo moona anyamatawo.

Tsopano mtundu wa chithunzi. César Charlone, amene anajambula City of God, anagawa nkhani m'nyengo zitatu ndipo nyengo iliyonse ili ndi khungu lake. Zaka za m'ma 1960 ndi zachikasu ngati golide, dzuwa lili phwee, nyumba zazing'ono zandandalikana ndi mipata pakati, kumwamba kukuoneka, kamera ili yodekha. M'ma 1970 mitundu ikuchuluka ndipo kamera ikuyamba kumasuka. Nkhondo ya magulu ikabuka, chithunzi chimazizira, chimapita ku buluu ndi phulusa, tinjira timapanikizana, thambo silionekanso. Umwana ukutha pamaso panu popanda aliyense kulengeza.

Apa ambiri amalakwitsa poganiza kuti zonsezi adzazipanga pakompyuta. Ngati zovala, makoma ndi kuwala sizinasankhidwe pa tsiku lojambula, kuthira buluu pambuyo pake kumachititsa khungu lakuda kuoneka ngati lapakidwa phulusa. Sankhani msanga. Mtundu wa kuwala umayezedwa ndi Kelvin (K): kuwala kwa masana kumakhala cha pa 5600K, kwa mababu akale achikasu cha pa 3200K, ndipo magetsi amumsewu aja ofiirira amatsika mpaka cha pa 2000K. Ikani white balance, yomwe imauza kamera mtundu wa kuwalako, ndi dzanja, musaisiye pa auto, apo ayi mtundu udzasinthasintha kamera ikamatembenuka. Usiku musathire getsi lamphamvu pankhope mwachindunji. Khungu lakuda limaoneka bwino likamanyezimira kuwala kofewa kochokera pambali, choncho lozetsani getsi pansalu yoyera yaikulu kuti kuwalako kubwerere kwa wosewera, ndipo ikani kagetsi kena kumbuyo kuti mutu usamire mumdima.

[Pa sikirini: kamera ili paphewa, ikuthamanga kumbuyo kwa mwana]

Kamera yapamanja ndiyo imene anthu amaikumbukira kwambiri m'mafilimu awa, ndiponso ndiyo imene imaonongedwa kwambiri. Kugwedeza kamera dala si luso. Wojambula wabwino amayesetsa kuigwira kuti isagwedezeke, ndipo kunjenjemera kotsalako ndiko kumaoneka koona, ngati kupuma kwa munthu amene ali pomwepo. Gwiritsani lenzi ya pakati pa 24mm ndi 35mm, zigongono zitsamire m'nthiti, mawondo opindika pang'ono. Mukaika 85mm paphewa, kugwedezeka kulikonse kumakula ndipo woonera amachita chizungulire.

Pa zithunzi 24 pa sekondi, shutter yabwino, kutanthauza nthawi imene chithunzi chilichonse chimalandira kuwala, ndi 1/48 kapena 1/50 ya sekondi. Pothamangitsana mukhoza kuikweza mpaka 1/200 kuti kuyenda kuoneke kodukaduka ndi kwaukali, koma kumbukirani kuti mwataya kuwala kochuluka kanayi. Inu amene mukujambula kumene magetsi ndi a 50Hz, monga ku Malawi, ku Zambia ndi ku South Africa, samalani usiku pansi pa magetsi amumsewu ndi machubu: khalani pa 1/50 kapena 1/100, chifukwa mukachoka pamenepo chithunzi chimaphethira ndipo kuchikonza pambuyo ndi ntchito yowawa.

Komanso musaganize kuti mtundu uwu umafuna kugwedezeka basi. M'kati mwa City of God momwemo muli gawo limene kamera yaima malo amodzi m'chipinda, osasuntha, pamene zaka zikudutsa ndipo eni ake a malonda a chamba akusinthana m'chipindamo mmodzi pambuyo pa mnzake. Tsotsi, filimu ya ku South Africa ya Gavin Hood, yomwe inatuluka mu 2005 n'kupata Oscar mu 2006, inasankha njira yodekha pafupifupi filimu yonse. Chithunzi ndi chotambalala, Johannesburg ndi nsanja zake zili patali, ana akugona m'mapaipi a simenti, ndipo Presley Chweneyagae, wosewera ngati mnyamata wachifwamba Tsotsi, amayang'ana pafupi kwambiri ndi lenzi moti mumaona ngati akuyang'ana inu. Mnyamata woopsayu waba galimoto n'kupeza khanda kumpando wakumbuyo. Kusintha kwake kukuchitika m'maso, ndipo kamera yothamangathamanga ikanakuphonya.

Phokoso ndilo theka la dera. Boyz n the Hood, ya John Singleton ya mu 1991, imayamba sikirini ili yakuda: mukumva mawu a anyamata, kulira kwa mfuti, masayirini. Pambuyo pake helikoputala ya apolisi imamveka mobwerezabwereza pamwamba pa South Central Los Angeles, ngakhale anthu ali m'nyumba akucheza. Nthawi zambiri simuiona. Imangokhala ngati denga lomwe latsika. Mu La Haine ntchito imeneyi imagwiridwa ndi wotchi: nthawi imalembedwa pa sikirini yakuda, kuyambira 10:38 m'mawa, limodzi ndi kugunda kwake, ndipo popeza mukudziwa kuti Vinz watola mfuti yomwe wapolisi anataya pa zipolowe, kugunda kulikonse kumakufunsani kuti iphulika liti.

Pojambula, sankhani phokoso limodzi kapena awiri okha amene adzakhale chizindikiro cha dera lanu, kaya ndi sitima, agalu ausiku kapena wailesi ya pa bawo, ndipo muwajambule paokha. Pamalo alionse, mukamaliza, uzani onse akhale chete mujambule sekondi 60 za mpweya wa pamalopo, kuti podula pasamveke mabowo. Maikolofoni ikhale pamwamba pa wosewera osapitirira masentimita 60 kuchokera pakamwa. Ana amalankhula motsitsa akachita mantha, ndipo mawu amenewo mukawataya simungawabwezeretse mu situdiyo ndi mtima womwewo.

Tifike pa chiwawa, chifukwa apa ndi pamene filimu imaonetsa mbali imene yaima. Mukaika kamera pansi n'kuloza m'mwamba kwa wogwira mfuti, n'kuthira slow motion ndi nyimbo yamphamvu, mwamuveka ufumu. Achinyamata oonera adzatuluka akusirira iyeyo, ngakhale zolemba zanu zikunena kuti umbanda ndi woipa. Taonani mmene City of God imachitira pamene Zé Pequeno, mtsogoleri wa achifwamba, wapanikiza ana awiri pakona n'kuwafunsa ngati awaombere dzanja kapena phazi. Nyimbo yazima. Kamera ili pankhope ya kamwana kakang'ono kamene kakulira, kenako pankhope ya mnyamata wina amene wapatsidwa mfuti kuti asankhe woti amuphe. Chimene mukuonera si chipolopolo, ndi mwana amene akukakamizidwa kusiya umwana. Gawo limeneli ndi lovuta kulionera, ndipo liyenera kukhala lovuta.

Singleton anachita zofanana pa imfa ya Ricky, mmodzi wa anyamata a mu Boyz n the Hood. Kuomberedwa kwake ndi kwakufupi. Chimene chimatenga nthawi ndi zotsatira: anzake amunyamula kupita naye kunyumba, amugoneka pampando, mayi ake akukuwa, mwana wake wakhanda akulira m'chipinda momwemo. Poduladula zithunzi, yezani ndi wotchi. Ngati kuombera kwatenga masekondi 20 ndipo maliro atenga 5, mwapanga filimu ya achifwamba. Mukatembenuza, mwapanga filimu ya kukula.

Nkhope zimenezi sizigulidwa. Fernando Meirelles ndi Kátia Lund, omwe anatsogolera City of God, anasonkhanitsa achinyamata a m'madera osauka a mu Rio, ambiri osasewerapo filimu, n'kuwaphunzitsa kwa miyezi ingapo asanayambe kujambula. M'malo mowaloweza mawu, ankawafotokozera zomwe zikuchitika n'kuwasiya alankhule mmene amalankhulira kwawo. Mukatsata njira iyi, unikani chipinda chonse osati malo amodzi, chifukwa mwana sadzaima pa chizindikiro chanu, ndipo ngati n'kotheka jambulani ndi makamera awiri popeza sadzabwereza chimodzimodzi. Makamera onse akhale mbali imodzi ya mzere wolumikiza osewera awiriwo, apo ayi podula adzaoneka ngati akuyang'ana kumodzi. Pezani chilolezo cha makolo, mwana adziwe kuti zonse ndi sewero, ndipo gawo lowawa likatha mukhale naye mpaka mtima utsike. Mfuti ikhale yoseweretsa, moto ndi kulira kwake mudzaziike pakompyuta, ndipo dziwitsani apolisi ndi anthu a m'deralo musanaitulutse pamsewu.

[Pa sikirini: nkhope ya Saïd, kamera ikuyandikira pang'onopang'ono]

Onani mmene La Haine imathera. Wotchi yachoka pa 6:00 kufika pa 6:01. Vinz wagwa ataomberedwa ndi wapolisi, Hubert ndi wapolisiyo alozetsana mfuti, ndipo kamera imadutsa pakati pawo kupita kwa Saïd, amene alibe chida chilichonse, waima kuseri kwa galimoto. Atseka maso, sikirini ida, kenako mfuti ilira kamodzi mumdima, ndipo Kassovitz sakuonetsani amene waomba.