Gawo 14: Mphepo ya ku Polana

Moni nonse a kuchigwa, kuyambira ku Nchalo, Bangula, Tengani mpaka ku Marka. Ndi mwana wanu uja wa ku Maputo. Phokoso mukulimvalo ndi la ma txopela panja, tinjinga tamoto ta matayala atatu tonyamula anthu, mundikhululukire.

Achimwene anaimba dzulo kuchokera ku Bangula ali wokwiya: bwanji ndasintha pulani ya nyumba, njerwa atawotcha kale? Achimwene, khalani pansi, ndikuyankheni pagulu.

Kumene ndimagulitsa ziboliboli, pamsika wa FEIMA, ndi kufupi ndi hotela ya Polana, mumsewu wa Julius Nyerere. Zaka zonsezi ndinkangoidutsa. Sabata yatha mlendo wina anagula mvuu yosema, yolemera ngati thumba la mapira, nandipempha kuti ndimunyamulire mpaka kuchipinda kwake. Ndi mmene ndinalowera, ine wa nsapato za fumbi.

Hotelayi inatsegulidwa mu 1922, mzinda uno ukutchedwabe Lourenço Marques. Mlatho wa Dona Ana wa pa Zambezi, uja agogo ankati anauwoloka pa sitima popita ku Beira, unatha mu 1935, ndiye kuti Polana ndi mkulu wake. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Portugal, imene inkalamulira Mozambique, sinalowerere mbali, choncho akazitape a ku Germany ndi a ku Britain ankagona momwemo, kuonana m'mawa uliwonse ngati akazi a pamitala. Mu 2002 inalowa m'manja mwa bungwe la Aga Khan, lero ndi Polana Serena.

Tinakwera chikepe chakale, cha matabwa ndi zitsulo zopindapinda, chokhala ngati khola, mwendo wanga ukunjenjemera. Koma chimene chandisowetsa tulo si chikepe ayi. Ndi mphepo. Nyumbayi ndi yoyera mbuu, yakhala pamtunda, nkhope yalozetsa kunyanja. Mapiko ake awiri afungatira dimba ndi dziwe losambiramo. Siling'i ili kutali, mazenera ndi aatali, makonde ndi otakasuka. Unali masana, dzuwa likuswa mtengo, koma nditaima pakhonde thukuta linauma lokha. Amene anaimanga ankalidziwa dzuwa la kuno, ndipo nthawi imeneyo makina oziziritsa m'nyumba anali asanafale.

Ndinakumbukira Okutobala wa kwathu, amayi atayala mphasa pabwalo usiku chifukwa m'nyumba simugoneka, udzudzu wa ku dambo ukuchita phwando. Ife tikapeza kandalama timathamangira malata, khoma lalifupi, kazenera kongokwana mutu wa mphaka. Timamanga uvuni n'kumati tatukuka.

Ndiye Achimwene, muuze mmisiriyo awonjezere mizere isanu ya njerwa. Maziko akweze, madzi a 2015 aja sitinawaiwale. Mazenera akhale moyang'anizana, khonde liyang'ane ku Shire, ndipo mtengo wa nimu uja asaudule. Ndalama ya simenti nditumiza Lachisanu, mlendo wa mvuu uja sanatsitse mtengo ngakhale pang'ono. Takhuta, tikumane Lamlungu.